Mphumu m'sukulu za ku Mulanje, kale ndi lero

Kalekale, chiperoni chikayamba kuwomba mu June ndi July, aphunzitsi a ku Mulanje ankadziwiratu ana amene ajombe mawa lake. Anali aja a mphumu. Mankhwala anali osowa. Agogo ankawafukiza masamba a bulugamu atawafunditsa bulangete, ndipo zikavuta ankawabereka ulendo wa kuchipatala cha mishoni kapena cha boma kukabayitsa jakisoni. Ena ankati ndi matenda akumtundu, ena ankati mwanayo wachita kulodzedwa.

Umbuli wokhulupirira za kulodzedwawo sindiulakalaka ayi. Chimene ndimachisowa n'chakuti mwana wotere ankadziwika ndi aliyense. Tsiku losesa m'kalasi ankamutuma kokatunga madzi kuti atalikirane ndi fumbi. Akayamba kubanika, anzake ankamunyamulira mabuku n'kumuperekeza pang'onopang'ono m'tinjira ta m'minda ya tiyi mpaka pakhomo pa mayi ake.

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana achuluka, ndipo n'zokondweretsa. Koma m'kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi angamve bwanji chifuwa chikulira kumbuyo kwenikweni? Lero mankhwala opopera monga salbutamol akupezeka kusiyana ndi kale, komabe maso oyang'anira mwanayo achepa. Nchifukwa chake mwana ayenera kuidziwa yekha nthenda yake. Adziwe zimene zimaidzutsa: utsi wa nkhuni, fumbi la choko, chimfine, mphepo yozizira. Azindikire msanga chifuwa chikayamba kuthina. Aphunzire kupopera bwino, ngakhale kudzera m'botolo lapulasitiki loboola kumbuyo, lomwe limathandiza mankhwala kufika m'mapapo. Makolo ambiri amaopa kuti mwana akayamba kupopera sadzasiyanso. Mantha amenewa alibe maziko, ndipo akuzunzitsa ana.

Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panachitika kafukufuku wa ana 120, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Ana amene anapimidwa bwino, kupatsidwa mankhwala oyenera ndi kuphunzitsidwa za mphumu ndi anthu wamba, osati madokotala, anachepetsa kujomba kusukulu. Ngati anthu wamba anatha, mphunzitsi angalephere?

Inu aphunzitsi aakulu a ku Chitakale, Limbuli ndi Muloza, lembani mayina a ana a mphumu m'kalasi iliyonse, muitane alangizi a zaumoyo adzawaphunzitse pamodzi ndi makolo awo, ndipo mwana mumulole kusunga mankhwala ake m'chikwama.