Mtobvu ndi Diso Loona Mtima

Ife ana a m'Kabwe timaudziwa mtobvu ngati mdani. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi lace likali m'dothi la ku Kasanda ndi ku Makululu, ndipo limalowa m'mwazi wa ana osewera pansi. Tsono ndinazizwa powerenga kuti citsulo comweci cimathandiza madokotala kuona mtima wa munthu wamoyo osamng'amba.

Nkhani yace iri motere. Wodwala amambaya mankhwala a technetium-99m, amene amayenda ndi mwazi nakhazikika m'mnofu wa mtima, natulutsa ceza cosaoneka ndi maso. Pamalo pamene mwazi ufika pang'ono ceza cimacepanso, ndipo dokotala amadziwa kuti mtsempha wa pamenepo wayamba kutsekeka. Makina ojambula ceza cotere anawapanga Hal Anger ku Berkeley, California, m'caka ca 1957.

Koma ceza cimauluka mbali zonse monga ngumbi zoturuka pa culu, ndipo galasi silingathe kucisonkhanitsa. Cifukwa cace kutsogolo kwa makinawo amaikako cimbale ca mtobvu ca ziboo zikwizikwi, conga cisa ca njuci, dzina lace kolimeta. Ceza colunjika m'ciboo cimapyola. Cobwera copendekeka mtobvu umacimeza. Mwa timiyezi 10,000, pafupifupi kamodzi kokha ndiko kamafika.

Apa ndipo pagona mlandu. Ziboo zikakhala zopapatiza ndi zazitali, cithunzi cimaoneka bwino, koma ceza cimalowa cocepa, motero wodwala ayenera kugona nthawi yaitali manja ali kumutu, kapena kulandira mankhwala ocuruka. Zikakhala zazikuru ndi zazifupi, nchito imatha msanga, koma cithunzi cimacita nkhungu, ndipo kacigawo kodwala kangabisike. Mtima nawo ngwaung'ono ngati nkhonya, sukhala cete, ndiponso ciwindi ca pafupi pace cimawala naco. Amisiri ena anapendeketsa ziboo zonse kuti ziloze ku mtima; ena anasiya mtobvu natenga tungsten; enanso anaboola tiziboo 19 tokha topenya mtima kucokera mbali zosiyana. Onsewo apeputsa bvutolo, koma palibe amene walithetsa.

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo zimenezi ndimazimvetsa. Makalata akacuruka pa tebulo, woyesa kuyankha onse tsiku limodzi amalemba zosalongosoka, pamene wosinkhasinkha kalata imodzi mpaka madzulo amasiya anthu ali pamzere. Akuru anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, musataye masamu anu. Msinkhu wa kaciboo kaja amaupeza ndi masamu, ndipo cithunzi cikanama, bambo wa ana angabwezedwe kumudzi ali ndi mtsempha wotsekeka, iye nayesa kuti ali bwino. Dziko lathu lisowa anyamata ndi asungwana odziwa kusankha kolimeta woyenera wodwala aliyense.