Ulendo wa ku Nyanja Wopanda Ngongole

Abale, ambiri a ife okhala ku Kawale ndi ku Biwi timayesa kuti nyanja nja olemera okha. Si tero ayi. Senga Bay, ku Salima, ili pa makilomita ngati 120 kuchokera ku Lilongwe. Ine ndi anzanga anayi tinasonkha pang'onopang'ono kuyambira Januwale, ndipo tinanyamuka mu Epulo, mvula itakata, mwera usanayambe. Tinasenza ufa, nyemba ndi mbaula, nitigona m'nyumba ya alendo yotsika mtengo. Chambo tinangochipenya ndi maso. Tinagula usipa kwa asodzi m'mamawa. Pobwera panalibe mmodzi wa ife wopita kwa a katapila. Tsono musakongole chifukwa cha ulendo. Sonkhani pamodzi, pakuti madzi a nyanja sasankha munthu.