Mpando wa Wofunsa

Ku Midrand makompyuta sasowa. Ukamayenda mumsewu wa N1 kuchokera ku Johannesburg kulowera ku Pretoria, maso amagwera pa nyumba zagalasi za makampani akuluakulu, ndipo likulu la Vodacom lili komweko. Koma ukakhotera kum'mawa, ku Ivory Park ndi ku Kaalfontein komwe Amalawi ambiri timachita lendi, umapeza munthu amene amapukuta fumbi pa kompyuta ya abwana tsiku ndi tsiku koma sanaiyatsepo. Gulu lathu linayambira pa anthu oterewa.

Timakumana Loweruka masana, kawiri pamwezi, m'kachipinda kamene tchalitchi china chinatibwereka. Aliyense amabwera ndi chimene ali nacho: laputopu yakale imene abwana anataya, foni, kapena funso basi. Ine sindiphunzitsa. Ntchito yanga ndi kutsegula chitseko, kusunga kaundula wa mayina, ndi kuloza amene ayankhule. Anzanga amanditchula kuti nyakwawa, ndipo dzinalo ndinangolilandira.

M'makompyuta akalewo timaikamo Ubuntu, chifukwa ndi yaulere ndipo sulipira laisensi. Inatuluka koyamba mu 2004, ndipo anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku South Africa konkuno, pa maziko a Linux imene Linus Torvalds anayamba mu 1991. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Anthu a Ubuntu analemba malamulo a mmene azilemekezerana pa ntchito yawo, ndiye nafenso tinaika athu, atatu okha. Palibe funso lopusa. Munthu afunse m'chinenero chimene mtima wake ukufuna, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyawo, wina atanthauzira. Kaundula satuluka m'chikwama changa, ngakhale ogulitsa inshuwalansi ya maliro atamupempha kangati. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, lili kumbali yanga, komabe chifukwa chenicheni n'chakuti kuchilendo nambala ya foni ya munthu si chinthu chomwazamwaza.

Lamulo loyamba lija ndi limene linandiyesa. Tinali ndi bambo wina wogwira ntchito yolumikiza makompyuta kukampani ina yaikulu. Nzeru zathu tonse kuziphatikiza sizikanafika pa zake. Laputopu imene tonse taitaya mtima, iye ankangoigwira pang'ono, n'kudzuka. Koma pakamwa pake panali minga. Tsiku lina mayi wina wogwira ntchito zapakhomo ku Waterfall anafunsa mmene angatumizire kalata yofunsira ntchito pamodzi ndi satifiketi yake. Bamboyo anaseka n'kunena kuti, "Zimenezo ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa. Kafunseni Google." Mayiyo anangoti, "Zikomo," n'kupinda kope lake. Loweruka linalo sanabwere, ndipo anzake awiri amene ankakwera nawo takisi sanabwerenso.

Apa ndi pamene udindo umalemera. Wochita phokoso kapena wotukwana savuta kumuletsa, chifukwa onse amaona kulakwa kwake. Wovuta ndi katswiri amene gulu limadalira. Ena anandiuza kuti, "Asiyeni, ndi mmene alili. Akachoka atikonzera ndani?" Ankanena zoona. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo gulu limene munthu akuopa kufunsa likudyetsa anthu ake phula dala.

Kwathu nduna sidzudzula munthu wamkulu pabwalo, imamutsatira kunyumba. Ndinapita Lamlungu, tinamwa tiyi, kenako ndinatula nkhani.

"Achimwene, nzeru zanu tikuzifuna. Koma amayi aja athawa."

"Ndiye mukufuna ndizinamizira ngati sindidziwa kanthu?"

"Ayi, achimwene. Pabwalo amfumu amayankhula pomaliza, osati chifukwa chosadziwa, koma kuti ena asaope kutsegula pakamwa. Ndikupempha zomwezo. Funso likabwera, ayambe kuyankha amene anaphunzira dzulo. Akalephera, ndiye inuyo. Ndiponso dzanja logwira mausi lizikhala la wofunsayo."

Anandiperekeza mpaka pageti mwaulemu wonse, koma kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso ku gulu.

Mtengo wake tikuulipira. M'kabati ya tchalitchi muli malaputopu awiri amene palibe wa ife akutha kuwadzutsa, ndipo imodzi ndi ya mnyamata amene ankafuna kuigwiritsa ntchito pa maphunziro ake. Akandifunsa za laputopuyo, ndilibe yankho lomukhazika mtima pansi. Ntchito imene inkatha pa mphindi khumi tsopano imatitengera masana onse, anthu anayi atazungulira kompyuta imodzi, kukangana pa zimene zalembedwa.

Amayi aja ndinawaimbira foni katatu asanavomere kubwerera. Tsopano amakhala kutsogolo, ndipo mlendo akafunsa za kutumiza makalata, ndimaloza iwo. Amafotokoza pang'onopang'ono, manja atawaika kumbuyo kuti asalande mausi.

Achimwene aja dzina lawo sindinalifute m'kaundula. Tsiku la msonkhano likayandikira ndimawatumizira uthenga ngati wina aliyense, n'kuwonjezera kuti malaputopu awiri akuwadikira.