Uthenga Ufuna Njira

Ndifuna kukuuzani za kanthu kamene ndinaphunzira ku koleji, koma tanthauzo lake ndinadzalimvetsa pa maliro.

Kanthuko ndi chip, kacipangizo ka magetsi kocepa ngati bisiketi, ka mtundu wochedwa FPGA. Kamapezeka m'makina a pa nsanja za mafoni ndi m'makina ena a ku cipatala. Koyamba kugulitsidwa kanali XC2064, kamene kampani ya Xilinx ya ku America inatulutsa mu 1985. Chip wamba amacoka ku fakitale mawaya ake atalumikizidwa kale, ndipo sasinthika. Koma FPGA, woigula ndiye amasankha polumikiza.

Tangoganizirani tinyumba tondandalikidwa m'mizere. Mu XC2064 munali tinyumba 64, lero timafika zikwi zambiri. Kanyumba kalikonse kamadziwa kuwerengera kanthu kamodzi kakang'ono. Pakati pa mizereyo pali misewu ya timawaya, ndipo pa mphambano iriyonse pali masiwici. Siwici iriyonse imasunga nambala imodzi, 1 kapena 0, youza ngati njira itseguke kapena itsekeke. Mukayatsa magetsi, mndandanda wa manambalawa, wochedwa bitstream, umalowa m'kati ndi kuyala misewu yonse. Mukasintha mndandandawo, chip yemweyo agwira nchito ina.

Mawaya ena ndi afupi, a pakati pa tinyumba toyandikana. Ena ndi atali, monga Great East Road kucokera m'tauni kufika ku Chelstone. Siwici iriyonse imene uthenga wadutsapo imaucedwetsa pang'ono, monga minibasi yoima pa siteshoni iriyonse. Ndipo codabwitsa n'cakuti malo ambiri pa chip amatengedwa ndi misewu ndi masiwici, osati tinyumba.

Tsiku lina ku koleji ndinapanga nchito yanga bwino lomwe, masamu onse olondola, koma kompyuta inaikana. Inati uthenga ukufika mocedwa. Aphunzitsi anandionetsa kuti mauthenga ambiri anali kulimbirana mawaya a pamalo amodzi, monga magalimoto pa Cairo Road nthawi yoweruka, ndipo ena anali kuzungulira kutali. Titasendeza pafupi tinyumba tolankhulana kawiri-kawiri, zonse zinayenda.

Tsono mverani za maliro aja. Gulu lathu liri ndi acinyamata a ku Kabwata, Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone. Ine pokhala mtsogoleri ndinakonda kuti nkhani iriyonse idzere kwa ine. Ndinali kuyesa kuti limeneli ndi dongosolo, koma kunena zoona kunalinso kunyada. Mlongo wina wa ku Chelstone amai ake anamwalira usiku, iye nanditumizira uthenga. Foni yanga inali yozima cifukwa magetsi anapita. Analibe nambala ya wina aliyense wa m'gulu. Tinafika pa nyumba ya maliro patapita tsiku lathunthu, ndipo usiku woyamba panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife woyimba nyimbo pambali pake. Pakati pathu pali oyimba, ophika ndi odziwa kutonthoza. Cimene cinasowa ndi njira yakuti uthenga uwafike.

Ndinapepesa kwa mlongoyo ndi kwa gulu lonse. Kucokera pamenepo tinayala misewu yatsopano. Dera lirilonse liri ndi anthu awiri olandira mauthenga, ndipo aliyense ali ndi manambala a anzake atatu a m'madera ena.

Pa msonkhano wanu wotsatira, werengani 1 Akorinto 12, pamene Mtumwi Paulo afanizira mpingo ndi thupi la ziwalo zambiri. Kenaka mufunsane kuti: mmodzi wa ife akagwa m'bvuto usiku uno, uthenga wake udzera kuti? Ngati yankho ndi dzina la munthu mmodzi yekha, musacoke pa msonkhanowo musanapatsane manambala.

Ambuye akudalitseni nonse.