Ngongole ya mlamu

Ndimadabwa ndi anthu othamangira kukhoti pa ngongole ya pachibale. Mlamu wako watenga katundu pangongole m'golosale mwako, sakubweza, iwe wapeza loya. Ndalama za loya ndi za thiransipoti zidzaposa ngongoleyo, chonsecho pamaliro mudzakumanabe.

Ndipo ngakhale ku High Court kwathu kuno, malamulo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri yosakhudza upandu iyambe yapita kwa woweruza ngati mkhalapakati isanazengedwe. Kunena kwina, akukubwezerani ku zomwe ankhoswe ndi mafumu akhala akuchita kuyambira kale: khalani pansi, aliyense anene zake, mugwirizane kabwezedwe, mulemberane. Koma za kumenyana m'banja ayi, zimenezo pitani nazo kupolisi.