Pa Shire, nambala yaikulu si maso akuthwa

Mbalame za ku Liwonde sizidikira munthu. Nkhwazi yokha ndiyo imatha kukhala pamwamba pa mtengo wouma kwa theka la ola ngati bwana amene akudikira tiyi, koma tinato timangotera pa bango, kugwedeza mchira, n'kupita. Paki imeneyi, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 400, mwa mitundu pafupifupi 650 yopezeka m'Malawi muno. Njovu ndi mvuu mumaziona ndi maso anu omwewa. Mbalame ndiye zimafuna zoonera patali, zija timangoti ma binoculars, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu ambiri zikulowa m'madzi.

Ndinapitako mwezi wa Okutobala. Tinakwera boti kusanache bwino, mvuu zikufwenthera uku ndi uko, migwalangwa ikuoneka ngati zithunzithunzi tsidya linalo. Ine ndinali ndi ma binoculars obwereka kwa msuweni wanga, olembedwa 8x42. Mnyamata amene ndinakhala naye pafupi anali ndi atsopano, ogula kwa munthu wina pa Facebook, olembedwa 20x50, magalasi ake ofiira psuu ngati maso a munthu wogona kumowa. Kunena zoona, akewo ndiwo ankaoneka odula.

Manambala amenewa sabisa kanthu. Yoyamba ikunena kuti chinthu chikuyandikira kangati: pa 8, mbalame imene ili pa mtunda wa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mu mamilimita. Ndiye munthu akamva 20, mutu umamuuza kuti yaposa 8 kawiri ndi theka. Masamu ake ndi olondola, koma chimene wogulitsa sanena n'chakuti galasi silisankha chokuza. Likakuza mbalame ka 20, limakuzanso ka 20 kunjenjemera kwa manja anu, kupuma kwanu, ndi kugwedezeka kwa boti. N'chifukwa chake oonera mbalame ambiri amalekera pa 8 kapena 10. Kupitirira 12, mukufunika choimikapo cha miyendo itatu, ndipo palibe amene amaimika chimenecho m'boti pa Shire.

Tinaziona wotiperekeza atazimitsa injini pansi pa mtengo wina waukulu wa m'mbali mwa mtsinje, n'kuloza m'mwamba mwakachetechete. Munali kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba uja, amene m'mabuku amati Pel's fishing owl, mbalame imene anthu amalipirira ndege kuchokera ku Ulaya kuti adzangoiona. Ndinamupeza msanga, maso ake akuda bii akutiyang'ana ngati tamusokoneza tulo. Mnzangayo ankangoona masamba akuvina. Anasakasaka mpaka khosi kuwawa, kenako tinayamba kubwerekana anga.

Zinamuvuta pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kukula kwa malo amene mumaona nthawi imodzi. Ma 8x42 abwinobwino amaonetsa dera la mamita oposa 120 m'lifupi pa mtunda wa kilomita imodzi. Pa 20 deralo limachepa kwambiri, zili ngati kusuzumira pa kaboo ka kiyi. Mbalame ikadumphira nthambi ina, mwaitaya. Chachiwiri ndi kuwala. Gawani nambala yachiwiri ndi yoyamba: 42 kugawa ndi 8 ndi mamilimita 5.25, pomwe 50 kugawa ndi 20 ndi 2.5 basi. Kameneko ndi kadontho ka kuwala kamene kamafika m'diso mwanu. Masana dzuwa lili phwee kusiyana sikuoneka kwenikweni, koma m'bandakucha, madzulo, kapena mumthunzi wa mtengo, mboni ya diso imakula ndipo imafuna kuwala kochuluka. Nthawi imeneyonso ndi imene mbalame zimatakataka.

Pofika cha m'ma 10 koloko, kutentha kwa ku Liwonde kunawonjezera lake vuto. Mpweya wotentha umaphiriphitha pamwamba pa nthaka, ndipo galasi lamphamvu limakuzanso kuphiriphithako. M'nkhalango ya tsanya, momwe mumapezeka tizingolopiyo tobiriwira ta nkhope yofiira totchedwa Lilian's lovebird, zonse zakutali zinkaoneka ngati zili pansi pa madzi.

Tsopano nkhani ya thumba, poti ndiyo yeniyeni. Zinthu izi zonse n'zochokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chakunja chimene chili ndi chifundo. Ndiye ngati mwasunga kandalama kwa miyezi ingapo, musakapereke chifukwa cha zolemba pa katoni. Mukaona 60x60 pa kachinthu kokwana m'thumba la jekete, yezani galasi lakutsogolo ndi rula: ngati silikukwana mamilimita 60, nambala inayonso ndi yabodza. Za zoom zotchipa, zija amalemba 10-30x, ine sindizifuna n'komwe, chifukwa mkati mwake muli tizitsulo tambiri toyenda tomwe sitichedwa kukhwepa. Magalasi ofiira aja nawo amachotsa mtundu wofiira n'kusiya dziko lonse lotuwa mobiriwira, pomwe mbalame timaizindikira ndi mitundu yake.

Chinsinsi chimene ndimachikonda n'chakuti ma binoculars achikale, a mapewa otambalala aja, amene amati Porro, n'ngosavuta kupanga bwino kusiyana ndi owongoka amakonowa. Pa ndalama yochepa yofanana, kawirikawiri a mapewawo ndiwo amaonetsa bwino. Ndi olemerako ndipo saoneka apamwamba pa chithunzi cha pa Instagram, koma mbalame sizisamala zimenezo. Makampani odziwika ngati Nikon, Celestron ndi Bushnell ali nawo mitundu yotsika mtengo, ndipo ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku Joni, mulembereni nambala yake yeniyeni, musangoti akugulireni amphamvu.

Ogwiritsidwapo kale si oipa, bola muwagwire m'manja musanalipire. Tulukani nawo panja pa shopu. Yang'anani waya wa magetsi kapena mzere wa denga lakutali, kenako asunthireni kutali pang'ono ndi maso: ngati mzerewo ukuoneka uwiri kapena wothyoka, mkati mwasokonekera, ndipo adzakupweteketsani mutu pa mphindi zochepa. Agwireni motalikira, moloza kumwamba kowala, muone kadontho ka kuwala ka m'magalasi akumaso. Kakhale kozungulira bwinobwino. Kakakhala ndi ngodya zotuwa, magalasi amkati ndi otchipa. Suzumirani chakutsogolo ndi tochi ya foni: tizingwe toyera ngati ukonde wa kangaude ndi nkhungu, ndipo ikazika mizu sichoka. Kuno kwathu, ndi chinyezi cha dzinja, sankhani osalowa madzi ngati thumba likulola, ndipo musamawatsekere m'kachikwama kake miyezi yonse ya mvula. Ovala magalasi afunse za eye relief, ikhale mamilimita 15 kapena kuposa.

Kodi 10x42 ilibe malo? Ilinawo. Ku nyanja ya Chilwa, komwe kuli pambalambanda ndipo akakowa ndi mavuwo amaima kutali m'madzi osaya, 10 amathandiza ngati manja anu ali okhazikika. Koma kukwera phiri la Zomba, m'nkhalango yowirira momwe kambalame kamaonekera kwa masekondi atatu pakati pa masamba, mudzalakalaka 8. Ngati mungathe kugula amodzi okha, ine ndikuti 8x42, ndipo ndalama yotsalayo ikhale ya minibasi.

Simuyeneranso kudikira ulendo wa ku paki kuti muyambe. Ikani pulogalamu yaulere ya Merlin Bird ID pa foni, mutsitsiretu mbalame za dera lathu lino muli pa wifi kuti bandulo isapse. Mawa m'mamawa yang'anani pumbwa amene amasokosera mu mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ali ndi nthenga zachikasu pansi pa mchira, ndipo anthu ambiri akulira naye limodzi osazionapo.