Ndeke ya Amalume ndi Cala Canga

Anzanga acinyamata, pa cala canga colozera ca kudzanja lamanja pali cipsera. Aliyense akaciona amayesa kuti ndinadziceka ndi mpeni posenda nzimbe. Koma ai, inandiceka ndi ndeke. Musaseke, imvani kaye m'mene zinayendera.

Ine ndine wa ku Zemba m'boma la Chadiza. Monga anyamata onse a kwathu, ndinakula ndi kupanga magalimoto a nthambo, ndipo mudzi wonse unali kundidziwa kuti ndine waluso. Mu Ogasiti 2023 amalume anga amene agwira nchito ku Johannesburg anabwera kudzaona mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Atafika kwathu anandipatsa katoni yaikulu. M'katimo munali ndeke yaing'ono youlutsa ndi rimoti, ya mapiko otalika kuposa mita imodzi. Anaigula kwa munthu wina amene analeka masewerowa. Mwini wakeyo anali atacotsamo risiva yake, motero amalume anagula rimoti ndi risiva zatsopano za FlySky m'sitolo. Anati, "Mphwanga, ine nthawi ndiribe. Iwe uli ndi manja abwino. Ndikabwera pa Khrisimasi ndidzaipeze iuluka."

Kuti mumvetse bwino nkhaniyi, ndiyambe ndafotokoza zam'kati mwa ndeke yotere. Rimoti imene munthu agwira m'manja iri ndi tindodo tiwiri, ndipo imatumiza uthenga mumphepo monga wailesi. Risiva ndi kabokosi kofanana ndi ka macesi kamene kamakhala m'mimba mwa ndeke. Nchito yake ndi kumva uthengawo ndi kuugawira ku tizipangizo tina. Pali timakina tochedwa sevo timene timakoka zipsepse za kumapiko ndi kumcira. Palinso kacipangizo kochedwa ESC kamene kamalamulira liwiro la mota, ndiponso kamacepetsa moto wa batire wa mavolti 11.1 kufika pa 5 kuti risiva isapse. Zonsezi zimalumikizidwa ku risiva ndi tinthambo, ndipo kanthambo kalikonse kali ndi khomo lake lokhala ndi nambala.

Tsiku la Sondo titaweruka m'chalichi, ndinaimirira pa msonkhano wa gulu lathu la acinyamata ndi kulengeza kuti pa Ciweru onse abwere ku bwalo la mpira adzaone ndeke iri m'mwamba. Apa n'kuti ndisanalumikize ngakhale kanthambo kamodzi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine cimene cinandivumbwitsa ndi pakamwa.

Bvuto loyamba linabwera madzulo omwewo. Nditaika batire, kanyale kofiira ka pa risiva kanali kungophethira, ndipo ndeke sinagwedeze kanthu. Ndinagwedeza tindodo uku ndi uku, koma zii. Ndinagona ndi mtima wakuti risiva ndi yakufa. M'mawa mwake mlongo wanga wamng'ono posesa anatola kanthu kakuda kokhala ndi kanthambo kopindika, kamene kanagwa m'katoni. Nditatsegula kabuku kamene ndinali nditakaponya pambali, ndinapeza kuti kanthuko ndi kodziwitsira risiva kwa rimoti yake. Kale, caka ca 2005 cisanafike, marimoti ambiri a ndeke anali ndi timakristo tofunika kufanana ndi ta mu risiva, ndipo anthu awiri okhala ndi nambala imodzi anali kugwetserana ndeke. Marimoti a masiku ano amalankhula pa 2.4 GHz, ndipo risiva imamvera rimoti imodzi cabe imene inadziwitsidwa kwa iyo. Ndinalowetsa kanthuko pa khomo lolembedwa B/VCC, ndinaika batire, kenaka ndinayatsa rimoti nditakanikiza batani lake. Nditacotsa kanthuko ndi kuyatsanso zonse, kanyale kanaleka kuphethira. Ziwirizi zinali zitadziwana.

Ndinakondwa kwambiri, osadziwa kuti bvuto lalikulu linali patsogolo. Mwini wake wakale anali atamata timapepala pa tinthambo tinai, 1, 2, 3 ndi 4. Ine ndinati munthuyu wandipeputsira nchito, ndipo ndinalowetsa kanthambo kalikonse pa khomo la nambala yake. Koma ndeke inayamba kucita zamisala. Ndikakankha kandodo ka moto, mcira ndiwo unali kukwera ndi kutsika. Ndikakoka kandodo kokweza ndeke, zipsepse za kumapiko ndizo zinali kugwedezeka. Mota siinazungulire konse, inali kungolira pii, pii, pii kosalekeza.

Pa Cinai madzulo mtima unandipsa. Ndinaika ndeke pamiyendo, dzanja lamanja liri kumphuno kwake, ndipo ndi dzanja lamanzere ndinakankhira kandodo ka mapiko kumbali mpaka kumapeto. Kulira kuja kunaleka. Nditangotaya kandodoko kuti kabwerere pakati, pulopela inazungulira mwamphamvu ndi kunditema pa cala. Magazi anadontha pa mapiko oyera. Amai anandimanga ndi kansalu, nanditengera ku cipatala caching'ono ca kwathu usiku womwewo. Pobwerera anangoti, "Cinthu cimeneci cisalowenso m'nyumba mwanga."

Pa Ciweru anzanga anasonkhana pa bwalo, ine ndinabisala m'dimba. Pa Sondo ena anali kundiitana kuti "a Pailoti." Zinandiwawa kuposa cala. Ndinafuna kutsegula risiva ndi mpeni kuti ndione cimene cinafa m'kati, ndiponso ndinaganiza zolembera amalume kuti anawagulitsa cinthu cabodza.

Cala citayamba kupola ndinakwera njinga kupita ku boma ku Chadiza kwa bambo wina wacikulire wokonza mawailesi ndi mafoni. Iwo anali asanagwirepo ndeke yotere cibadwire. Anandimvetsera mpaka ndinatha, ndipo anati, "Mwana wanga, coyamba cotsa cimene cinakuluma." Tinamasula pulopela. Kenaka anati, "Tsopano zula tinthambo tonse. Tibwezera kamodzi-kamodzi. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, sudzadziwa cimene cacira kapena cimene cadwala."

Tinasiya ESC yokha kuti ipatse risiva moto. Bambowo anatenga sevo imodzi ndi kuiyesa pa khomo lirilonse, ine ndikugwedeza tindodo, iwo akulemba pa cikatoni. Khomo loyamba linamvera kandodo ka mapiko, laciwiri kokweza ndi kutsitsa, lacitatu ka moto, lacinai kokhotetsa mcira. Makomo onse anali amoyo. "Risiva yako ilibe mlandu," anatero. "Icita zimene uiuza."

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Makampani sanagwirizane pa kasanjidwe ka makomo. Pa FlySky ndi Futaba, moto uli pa khomo lacitatu. Pa Spektrum ndi JR, moto uli pa khomo loyamba, mapiko pa laciwiri, cokweza pa lacitatu. Timapepala tija tinali toona, koma tinalembedwera risiva ya mtundu wina. Ine ndinaika mota pa khomo la mapiko, ndipo kandodo ka mapiko kamakhala pakati nthawi zonse. ESC inamva ngati ndapempha theka la moto, motero inakana kuyamba ndi kumalira pondicenjeza, pakuti inapangidwa kuti isayatse mota kufikira kandodo katatsika pansi peni-peni. Tsiku lija nditakankhira kandodo kumapeto, iyo inamva kuti moto watsika ndipo inabvomera. Nditataya kandodo, inapatsa mota theka la mphamvu zake. Kulira konse kuja kunali kundiuza bvuto, koma ine ndinali kumva phokoso cabe.

Zotsala tinazipeza mosabvuta cifukwa tinali kuyenda pang'ono-pang'ono. Sevo imodzi sinagwire cifukwa ndinaitembenuza polowetsa. Iri ndi tinthambo titatu, kofiira pakati, kakuda kapena kofiirira mbali imodzi, ndi koyera kapena kacikasu konyamula uthenga mbali inayo. Popeza kofiira kali pakati, ukatembenuza sipapsa kanthu, ingokhala cete. Tinapezanso kuti cipsepse ca kumcira cinali kutsika pamene ciyenera kukwera. Munthu akakokera kandodo kwa iye, cipsepseco ciyenera kukwera, ndipo akakankhira kandodo ka mapiko kumanja, cipsepse ca phiko lamanja ndico cikwera. Ndikanaiponya m'mwamba tero, ikanalasa pansi ndi mphuno. Tinacitembenuza mu rimoti momwemo. Pomaliza tinaikonza kuti uthenga ukaduka, mota izizima yokha, ndipo tinatambasula tinyanga tiwiri ta risiva kuti kena kaime, kena kagone.

Ndinadikira mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala kuti icepe, ndipo sindinalengezenso kanthu. Tsiku lina m'mamawa ndinapita ku bwalo ndi mlongo wanga cabe. Ndinayatsa rimoti coyamba, ndeke pambuyo, monga lamulo lake linenera. Iye anagwira ndeke, ine ndinayenda kutali ndi rimoti kuyesa ngati imvabe. Ndipo anaiponya. Inauluka kudutsa bwalo lonse, inakhota kamodzi, ndi kukagwera m'mizere ya munda wa cimanga cokolola kale. Mphuno inaphwanyika pang'ono, tinaimata ndi guluu. Kuulutsa ndi phunziro linanso, ndipo pa Khrisimasi amalume anaipeza iri ndi zigamba zitatu, koma iuluka.

Ena amati izi ndi zoseweretsa za ana. Koma tsidya la malire ku Malawi, mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF anapatula dera ku Kasungu loyeseramo tindeke topanda woyendetsa tonyamula mankhwala ndi kujambula malo, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa acinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa tindeke totere. Timeneto natonso tiri ndi risiva, mota ndi makomo a manambala monga ndeke yanga.

Tsopano anzanga akandibweretsera wailesi, tochi kapena sola imene yaleka kugwira, amayamba ndi mau akuti, "Yafa." Ine ndimawaonetsa cala canga, ndi kuwafunsa kuti, "Kodi mwayesa kamodzi-kamodzi? Nanga kabuku kake kali kuti?" Amai anabvomera kuti ndeke izigona m'nyumba, koma pulopela imakhala m'thumba lao la nsalu kufikira tsiku loulutsa.